Mafunde tawamva, koma eni ake sitinawaloze

M'gulu la nyenyezi la Virgo muli kadontho ka kuwala kamene akatswiri anakapatsa dzina loti 3C 273. Ndi maso okha simungakaone. Pamafunika telesikopu ya galasi la masentimita 20 kapena kuposerapo, usiku wopanda mwezi, ndiponso mapu abwino a nyenyezi, chifukwa ngakhale kataoneka simungakasiyanitse ndi tinyenyezi tina tapafupi nako. Nditakapeza ine, kanali kofooka moti ndikakayang'ana mwachindunji kankazimiririka, ndikasunthira diso pambali pang'ono n'kubweranso. Ndinakhala pamenepo mpaka khosi kuuma. Tinyenyezi tina tonse timene tinali m'galasimo n'ta mlalang'amba wathu womwe uno wa Milky Way, koma kuwala kwa kadontho aka kunali kutayenda zaka pafupifupi 2 biliyoni. Pamene kunkanyamuka, padziko lino panali tizamoyo tosaoneka ndi maso tokhatokha. Kadontho aka ndi poyambira nkhani ya mafunde amene akuganiziridwa kuti akuchokera kwa ma black hole akuluakulu ozungulirana awiriawiri. Black hole ndi malo amene mphamvu yokoka ndi yaikulu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo.

Amene anazindikira kutalika kwake ndi Maarten Schmidt, mu February 1963. Anthu ankadziwa kale kuti kuchigawo chimenecho cha thambo kumachokera mafunde amphamvu a wailesi, koma malo ake enieni anali asanapezeke. Mu 1962, Cyril Hazard ndi anzake anadikira ndi telesikopu ya wailesi ya ku Parkes, ku Australia, kuti mwezi udutse kutsogolo kwa gwerolo. Poona nthawi imene mafundewo anadukira ndi imene anayambiranso kumveka, anawerengetsera malo ake. Schmidt analozetsa pamalopo telesikopu ya galasi la mamita 5 ya ku Palomar, ku California, n'kumwaza kuwala kwa kadonthoko m'mitundu yake. Munaoneka mizere imene sinkafanana ndi ya chinthu chilichonse chodziwika. Atayang'anitsitsa anaona kuti ndi mizere ya hydrogen wamba, kungoti yonse yasunthira mbali ya kufiira ndi pafupifupi 16 peresenti. Kusuntha kotereku kumachitika chifukwa chilengedwe chikufutukuka, ndipo kukakula chonchi ndiye kuti mtundawo ndi woopsa. Kuti chinthu chikhale kutali motero n'kumaonekabe ndi telesikopu yaing'ono, chiyenera kuwala mofanana ndi milalang'amba 100 yonga wathuwu. Komanso kuwala kwake kumakwera ndi kutsika m'miyezi yochepa chabe, kusonyeza kuti gwero lake n'laling'ono kwambiri. Zinthu zoterezi ndi zimene zinayamba kutchedwa ma quasar.

Chimene chimayatsa moto woterewu sichinachedwe kudziwika. Mu 1964, Edwin Salpeter ku America ndi Yakov Zeldovich ku Soviet Union, aliyense payekha, ananena kuti ndi mpweya umene ukugwera mu black hole wamkulu. Mpweyawo sugwa molunjika. Umayamba wazungulira mothamanga zedi, n'kumakhulana wokhawokha, n'kutentha mpaka kuwala usanamezedwe. Chimene chimandidabwitsa mpaka lero ndi phindu lake. Dzuwa likamasandutsa hydrogen kukhala helium, gawo limene limasanduka mphamvu silifika n'komwe 1 peresenti ya kulemera kwake, pamene mpweya wogwera mu black hole umatha kupereka pafupifupi 10 peresenti. Kugwa chabe kumaposa moto wa nyenyezi kakhumi konse.

Ma quasar anali ochuluka zaka pafupifupi 10 biliyoni zapitazo, ndipo masiku ano ndi osowa. Mu 1969, Donald Lynden-Bell anaganiza kuti quasar mpweya ukamuthera, black hole wake sapita kulikonse: amatsala pakati pa mlalang'amba wake, ali phee. Ananena zoona. Pakati pa Milky Way pali Sagittarius A*, wolemera mofanana ndi madzuwa 4 miliyoni, amene magulu a Reinhard Genzel ndi Andrea Ghez anamuyeza potsatira nyenyezi zomuzungulira kwa zaka zambiri. Pakati pa mlalang'amba wa M87 pali wina wolemera madzuwa 6.5 biliyoni, uja chithunzi cha mthunzi wake chinatuluka mu April 2019. Zikuoneka kuti pafupifupi mlalang'amba waukulu uliwonse uli ndi wake.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera. Milalang'amba imakula mwa kuphatikizana. Iwiri ikakumana, nyenyezi zake siziwombana kwenikweni chifukwa mipata yapakati pake ndi yaikulu kwambiri, koma mpweya umasokonezeka, wambiri n'kuthamangira pakati, ndipo nthawi zina umayatsanso quasar amene anazima kalekale. Ma black hole awiri aja nawonso amayamba kumira kulowera pakati pa mlalang'amba watsopanowo, chifukwa nyenyezi zimene akudutsamo zimawakoka m'mbuyo n'kuwachepetsera liwiro. Zoyambirira za ulendowu taziona ndi makina athu. Mu mlalang'amba wa NGC 6240, umene ndi milalang'amba yomwe idakali m'kati mophatikizana, telesikopu ya Chandra inapeza ma black hole awiri owala, otalikirana mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 3,000. Mu mlalang'amba wina wotchedwa 0402+379 muli awiri amene mtunda wapakati pawo kuwala kumauyenda zaka 24 zokha.

Kupitirira pamenepo, maso athu amathera panjira. Mu 1980, Mitchell Begelman, Roger Blandford ndi Martin Rees analongosola zimene ziyenera kuchitika kenako. Awiriwo akayamba kuzungulirana, amayandikirana pokankhira kutali nyenyezi iliyonse imene yawadutsa pafupi. Nyenyeziyo imachoka ndi mphamvu pang'ono, iwo n'kusendera pafupi pang'ono. Vuto n'lakuti nyenyezi zapafupi zimatha. Mawerengedwe ena anasonyeza kuti awiriwo akhoza kuima atatalikirana pafupifupi parsec imodzi, umene ndi mtunda woyenda kuwala zaka 3.26, n'kukhala choncho nthawi yaitali kuposa zaka zimene chilengedwe chakhalapo. Pali njira zingapo zimene zingawawolotse: mpweya wowazinga, nyenyezi zatsopano zobwera kuchokera kutali ngati mlalang'ambawo suli wobulungira bwino, kapena black hole wachitatu wobwera ndi mlalang'amba winanso. Akayandikirana mokwanira, chimene chimamaliza ntchito ndi mafunde a mphamvu yokoka.

Albert Einstein ananeneratu za mafunde amenewa mu 1916. Zinthu zolemera zikamazungulirana zimagwedeza mlengalenga weniweniwo, ndipo kugwedezekako kumafalikira pa liwiro la kuwala, kukukoka mtunda mbali ina n'kuufinya mbali inayo. Pa 14 September 2015, makina omvera mafunde amenewa otchedwa LIGO, a ku Hanford ndi ku Livingston ku America, amene mikono yake ndi yotalika makilomita 4, anamva ma black hole awiri olemera madzuwa 36 ndi 29 akuphatikizana. Zonse zinatha pasanakwane sekondi imodzi. Koma amenewo ndi ana. Ma black hole olemera madzuwa biliyoni amatenga zaka kuti azungulirane kamodzi, ndiye funde lawo limodzi limatenganso zaka kuti lidutse, ndipo kutalika kwake ndi mtunda umene kuwala kumayenda zaka zingapo. Palibe makina amene tingamange padziko lino oti n'kugwira funde lalitali chonchi.

Nzeru imene anthu anapeza imandisangalatsa kuposa china chilichonse m'nkhaniyi. Anagwiritsa ntchito mlalang'amba wathu womwewu. Muli nyenyezi zakufa zotchedwa ma pulsar, zimene Jocelyn Bell anatulukira ku Cambridge mu 1967. Pulsar ndi mtima wotsala wa nyenyezi yaikulu imene inaphulika, wolemera kuposa dzuwa koma wa makilomita pafupifupi 20 okha m'mimba mwake. Amazungulira uku akutulutsa mafunde a wailesi mbali imodzi, ndiye ulendo uliwonse akatiloza timamva kugunda. Mu 1982, Don Backer ndi anzake anapeza wina wozungulira maulendo 642 pa sekondi, ndipo ma pulsar othamanga oterewa amasunga nthawi modabwitsa. Mikhail Sazhin mu 1978 ndi Steven Detweiler mu 1979 anali atanena kale kuti funde likadutsa pakati pa ife ndi pulsar, mtunda umasintha pang'ono, ndipo kugunda kumafika mofulumirapo kapena mochedwerapo.

Kunena n'kosavuta. Taganizirani ntchito yake. Milungu ingapo iliyonse, telesikopu imalozetsedwa kwa pulsar mmodzi kwa mphindi 20 kapena 30. Kugunda kumodzi n'kofooka ndipo sikufanana ndi kunzake, ndiye amaphatikiza kugunda masauzande ambirimbiri kuti apeze nthawi imodzi yodalirika, n'kuiyerekezera ndi wotchi ya atomu. Kenako amayamba kuchotsera. Dziko likuzungulira dzuwa, ndiye mwezi wina lili pafupi ndi pulsar uja, mwezi wina lili kutali: achotse. Jupiter amakoka dzuwa n'kulisuntha: achotse. Pakati pa nyenyezi pali mpweya wopyapyala umene umachedwetsa mafunde a wailesi, ndipo kuchuluka kwake kumasinthasintha: achotse. Pulsar mwiniyo akuyenda, akuchepetsa liwiro pang'onopang'ono, mwinanso akuzungulira nyenyezi inzake: achotsenso. Chotsala ndi kusiyana kosakwana gawo limodzi la magawo 1 miliyoni a sekondi, kumene kumakwera ndi kutsika m'kati mwa zaka. Akatero apite kwa pulsar wachiwiri. Ntchito imeneyi anthu aigwira zaka 15, ena zoposa 20, ndipo alipo amene anaiyamba ali ophunzira n'kufika pokhala aphunzitsi zotsatira zisanaoneke. Ine anthu amenewa ndimawapatsa ulemu waukulu.

Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti kachotsala kameneka ndi mafunde, osati kulakwitsa kwa makina? Yankho analipereka Ronald Hellings ndi George Downs mu 1983, ndipo lagona pa kuyerekezera ma pulsar awiriawiri. Wotchi ya padziko ikalakwa, ma pulsar onse amaoneka ochedwa kapena ofulumira limodzi. Tikalakwitsa malo a dziko poyerekezera ndi dzuwa ndi mapulaneti, a mbali imodzi ya thambo amafulumira pamene a mbali inayo akuchedwa. Mafunde a mphamvu yokoka ali ndi chizindikiro chawochawo, chifukwa amakoka mbali ina uku akufinya ina. Ma pulsar awiri oyandikana pathambo amachedwa limodzi. Otalikirana pafupifupi madigiri 90 amachita zosemphana. Amene ali mbali zoyang'anizana za thambo amagwirizananso, ngakhale mocheperapo. Kukwera, kutsika ndi kukweranso kumeneku n'kovuta kuti kubwere ndi vuto la wotchi kapena la telesikopu.

Kumapeto kwa June 2023, magulu a ku North America, ku Ulaya pamodzi ndi India, ku Australia ndi ku China anatulutsa zotsatira zawo nthawi imodzi. Gulu la ku North America, lotchedwa NANOGrav, linayerekezera ma pulsar 67, kutanthauza mapeyala 2,211, kuchokera pa zimene linasonkhanitsa zaka 15, ndipo chizindikiro chija chinaoneka. Enawo, aliyense ndi matelesikopu ake ndi mawerengedwe ake, anaonanso zolozera komweko. Gawo lalikulu la ntchito ya NANOGrav linachitika ndi telesikopu ya Arecibo ku Puerto Rico, ya mamita 305, imene inagwa pa 1 December 2020, zotsatirazi zisanatuluke. Zimenezi zimandikhudza mtima ndikaziganizira. Mu December 2024, gulu logwiritsa ntchito telesikopu ya wailesi ya MeerKAT ku South Africa linawonjezera umboni wake, wochokera ku ma pulsar 83 amene linawatsatira zaka zinayi ndi theka.

Maguluwa anasankha mawu mosamala: anati apeza umboni, sananene kuti nkhani yatha. Asayansi amayeza kulimba kwa zotsatira ndi mlingo wotchedwa sigma, ndipo kuti anene kuti chinthu chapezeka ndithu amafuna 5. Zotsatira za NANOGrav zinali pakati pa 3 ndi 4. Komanso chimene anamvacho si ma black hole awiri odziwika. Ndi mafunde ochokera mbali zonse ataphatikizana. Zili ngati kulira kwa achule padambo mvula itagwa: phokoso limadzaza usiku wonse, umadziwa kuti ndi achule ambirimbiri, koma sungaloze kuti uyu ndi amene akulira chonchi, pokhapokha chule wamkulu atakhala pafupi nawe. Pali amene akuti phokosoli likhoza kukhala lochokera ku zimene zinachitika chilengedwe chitangoyamba kumene, ndipo maganizo amenewo sanatsutsidwe. Ine ndili kumbali ya ma black hole. Tikudziwa kuti alipo, tikudziwa kuti milalang'amba imaphatikizana, ndipo mafunde oterewa ananenedweratu zaka zambiri asanamveke. Ngati ndi iwodi, ndiye kuti ambiri amawoloka parsec yomaliza ija. Phokosoli ndi lamphamvunso kuposa mmene akatswiri ambiri ankayembekezera, zimene zingatanthauze kuti ma black hole akuluakulu ndi olemera kapena ochuluka kuposa mmene tinkawawerengera.

Kuti tiloze awiri enieni, tiyenera kubwerera kwa ma quasar, chifukwa black hole amene alibe mpweya womuzinga saoneka. Maganizo ake ndi akuti ngati mkati mwa quasar muli awiri ozungulirana, kuwala kwake kuyenera kukwera ndi kutsika motsatira ulendo wawo. Wotchuka pa onse ndi OJ 287, wachibale wa ma quasar amene ali m'gulu la nyenyezi la Cancer. Amapezeka pa zithunzi zakale za thambo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amayaka mwamphamvu zaka pafupifupi 12 zilizonse. Mauri Valtonen wa ku Finland ndi anzake amati black hole wamng'ono amaboola kawiri mpweya wozungulira wamkulu pa ulendo uliwonse, ndipo wamkuluyo amalemera madzuwa 18 biliyoni. Ananeneratu kuti adzayaka kumapeto kwa July 2019. Nthawi imeneyo OJ 287 anali pafupi kwambiri ndi dzuwa moti matelesikopu apadziko sakanamuona, koma telesikopu ya Spitzer, imene inali kutali m'mlengalenga, inamuona atayakadi. Zinali zogometsa. Komabe gulu la Stefanie Komossa linanena kuti kuyaka kwina kumene kunkayembekezeka mu October 2022 sikunaoneke, ndipo linawerengetsa kuti wamkuluyo amalemera madzuwa pafupifupi 100 miliyoni okha. Mkanganowu udakalipo.

Wina ndi PG 1302-102. Mu 2015, Matthew Graham ndi anzake anafufuza ma quasar pafupifupi 250,000 amene anajambulidwa mobwerezabwereza ndi kafukufuku wa thambo wotchedwa Catalina, n'kupeza kuti uyu amakwera ndi kutsika bwinobwino zaka 5.2 zilizonse. Chaka chomwecho anatchula ma quasar 111 ooneka ngati obwereza. Apa ndi pamene ndimati tisathamange. Quasar aliyense, ngakhale wa black hole mmodzi, kuwala kwake kumasinthasintha mwachisawawa ndiponso pang'onopang'ono. Mukamuyang'ana zaka 9 n'kuona wakwera kawiri watsika kawiri, diso limaona dongosolo, koma pakati pa ma quasar masauzande mazanamazana ena adzachita zimenezo mwangozi. Maulendo awiri si umboni. Zaka zina zitawonjezedwa pa PG 1302-102, akatswiri ena anapeza kuti kubwerezako sikunalinso koyera ngati poyamba. Ndipo mu 2018, Alberto Sesana ndi anzake anachita chinthu chimene ndimachikonda kwambiri: anawerengetsa kuti ma quasar onse otchulidwawo akanakhaladi ndi ma black hole awiriawiri, phokoso la mafunde likanakhala lalikulu kuposa mmene ma pulsar ankalolera. Choncho ambiri mwa iwo ayenera kukhala ongooneka chabe. Ma pulsar anali asanamve kanthu nthawi imeneyo, koma kukhala chete kwawoko kunathandiza kusefa ma quasar.

N'chifukwa chake mitu ya nkhani yonena kuti ma black hole awiri atsala pang'ono kuwombana imandivuta. Imatenga chinthu chimene eni ake akuchinena mokayikira n'kuchisandutsa chotsimikizika, ndipo chikadzapezeka kuti sichoona, anthu amayamba kukayikira ntchito yonse, ngakhale ija ya ma pulsar imene inagwiridwa mosamala kwambiri.

Chimene chingandikhutiritse ine ndi mboni ziwiri zosadziwana. Ma pulsar anene kuti kuchigawo ichi cha thambo kukuchokera funde limodzi loposa anzake, lobwereza mwachitsanzo zaka ziwiri zilizonse. Ndiyeno kuchigawo chomwecho kupezeke quasar amene kuwala kwake kumabwereza zaka zinayi zilizonse, popeza awiri ozungulirana mobulungira amatulutsa mafunde awiri pa ulendo umodzi. Zikadzatero tidzadziwa mlalang'amba wake, mtunda wake, kulemera kwa awiriwo, ndiponso mmene mpweya umachitira ukakhala pakati pa ma black hole awiri m'malo mwa mmodzi. Ma pulsar paokha saloza malo molondola. Chigawo chimene angatchule chikhoza kukhala ndi milalang'amba yosawerengeka. Quasar ndi amene angachepetse ntchito yofufuzayo.

Zida zake zikubwera. Magulu a ma pulsar amaphatikiza zimene asonkhanitsa pansi pa International Pulsar Timing Array, ndipo chaka chilichonse chowonjezeka chimanola zotsatira. Mu January 2024, bungwe la European Space Agency linavomereza ntchito ya LISA, zombo zitatu za m'mlengalenga zotalikirana makilomita 2.5 miliyoni zimene zikuyembekezeka kunyamuka cha m'ma 2035, kuti zikamve kuphatikizana kwenikweniko kwa ma black hole olemera madzuwa mamiliyoni. Koma imene ndikuiyang'anira kwambiri ndi telesikopu ya Vera C. Rubin ya pa phiri la Cerro Pachón ku Chile, imene inaonetsa zithunzi zake zoyamba mu June 2025. Kwa zaka 10 izijambula thambo lakum'mwera mobwerezabwereza masiku angapo alionse, ndipo ma quasar mamiliyoni adzakhala m'zithunzizo. Quasar wobwereza zaka zitatu zilizonse adzaonetsa maulendo atatu m'zaka zimenezo, ndipo kwa amene anajambulidwa kale ndi Catalina ndi makafukufuku ena, maulendowo adzachuluka moti ongooneka chabe aja adzagwa okha. Otsalawo ndi amene ndikufuna kuti magulu a ma pulsar adzawafufuze mmodzimmodzi.